Chiwongo cha Fayilo

Mwa ntchito zonse zimene dzanja la munthu limagwira pa kompyuta, palibe ina yochepa ndi yofulumira koposa ija ya kudina kawiri pa kachithunzi ka fayilo. Komatu m'kanthawi kameneko, chala chisanachoke n'komwe pa batani, pamakhala patagamulidwa mlandu umene ambiri a ife sitinaitanidwe kukaumva, ndiwo wakuti mwa mapulogalamu onse okhala m'makinamo, ndi iti imene idzuke kudzatsegula chimene tadinacho. Chigamulocho chimadza mwakachetechete, lero monga dzulo, mawa monga lero, kufikira timachiyesa chibadwa cha makinawo. N'chifukwa chake mudzamva munthu akunena kuti, “Nditumizireni fayilo ya Word ija,” kapena, “Mndandanda uja ndi wa Excel,” monga ngati kalatayo ndi chuma cha pulogalamu imene imaitsegula, pamene mwini wake weniweni ndi iye amene anachezera usiku kuilemba.

Kanthu aka kangaoneke kochepa, kosayenera kuti munthu wamkulu atayirepo inki, ndipo ndikudziwa kuti achinyamata amene anabadwa makinawa ali kale m'nyumba adzamwetulira poona wina akudzaza masamba ndi zimene iwo amachita asanaphethire n'komwe. Koma ine ndaona kuti ambiri mwa amene amadyera makinawa tsiku ndi tsiku, alembi a m'maofesi, aphunzitsi, asungichuma a mipingo, sanauzidwepo kuti fayilo ndi pulogalamu n'zinthu ziwiri zosiyana, kuti chimene chimazilumikiza ndi mzere umodzi wokha wolembedwa penapake m'kompyutamo, ndi kuti mzerewo, ngati sanaulembe iwo eni, anawalembera ndi munthu wina amene anali ndi zifukwa zakezake.

Kusiyana kwa ziwirizi ndinakuona bwino tsiku lina pamene anansi anga, aphunzitsi opuma pantchito amene akhala akulemba mbiri ya sukulu za kwawo, anafika pakhomo panga atanyamula laputopu m'kachikwama ka nsalu, nkhope ili yakugwa. Pulogalamu yawo yolembera inali yongoyeserera kwa kanthawi, ndipo nthawiyo itatha, inakana kuwalola kuwonjezera ngakhale chilembo chimodzi.

“Achimwene,” anatero atakhala pansi, “zolemba zanga zija zatsekeredwa. Akuti ndiyambe ndalipira.”

Mwana wa mlongo wanga, amene tikukhala naye pamene akuphunzira za makompyuta, anapempha kuti aoneko. Anagwada pambali pa tebulo, naika pulogalamu ina yaulere yotchedwa LibreOffice. Atatero anadina fayiloyo ndi batani la kudzanja lamanja la mausi, nasankha mawu akuti Open with, naloza pulogalamu yatsopanoyo, ndipo taonani, masamba onse anatulukira, mitu yake ndi mayina a midzi zili m'malo mwake.

“Aphunzitsi,” anatero mwanayo, “zolembazi n'zanu, palibe wazitsekera. Chatha ndi chotsegulira chokha. Kodi ndiike kuti masiku onse zizitseguka ndi iyi?”

Akuluwo anacheukira kwa ine, nandifunsa motsitsa mawu ngati zoterezi n'zololedwa.

Funso limeneli silinandichoke m'mutu. Munthu amene anaima pamaso pa ana zaka zambirimbiri, amene laputopuyo anaigula ndi ndalama za penshoni yake, analinkupempha chilolezo chosankha chida chotsegulira mawu amene iye mwini anawalemba. Ndipo sikunali kupusa ayi, pakuti makinawa anapangidwa mwa njira yakuti chimene wachipeza chitaikidwa kale chizioneka ngati lamulo.

Tsono kompyuta imadziwa bwanji pulogalamu yoti iidzutse? Windows, imene ambiri a ife timaipeza m'maofesi, imayang'ana kumapeto kwa dzina la fayilo, pa zilembo zitatu kapena zinayi zotsatira kadontho: .pdf, .jpg, .mp3, .docx. Zilembo zimenezi ine ndimaziyesa chiwongo cha fayilo. Pakuti monga mlendo akafika pamudzi dzuwa litalowa, akulu asanamve n'komwe za ulendo wake amayamba afunsa chiwongo chake, ndipo akamva kuti ndi Phiri kapena Banda amadziwa khomo lokamugoneka, momwemonso Windows ikaona .pdf imapita m'kaundula wake wamkulu wotchedwa Registry, n'kuwerenga dzina la pulogalamu lolembedwa moyang'anizana ndi chiwongocho, n'kuitumiza fayiloyo kumeneko. Za m'kati mwa fayilo siifunsa. Imakhulupirira chiwongo, kaya n'choona, kaya n'chobwereka.

Mwambo umenewu ndi wakale ndithu tikawerenga zaka monga makompyuta amaziwerengera. Unafala ndi CP/M, imene Gary Kildall analemba cha m'ma 1974, ndipo MS-DOS, imene inatuluka pamodzi ndi kompyuta ya IBM mu 1981, inautenga monga unalili: dzina lisapitirire zilembo 8, chiwongo chisapitirire zilembo 3. Munthu wa nthawi imeneyo akafuna kusunga malipoti a chaka ankalemba MALIPOTI.TXT, malo n'kukhala atatha, osatsala ngakhale poika chakacho. Windows 95 inamasula mayina kuti azifika zilembo 255, koma zipsera za malire akalewo tikali nazo, chifukwa ndi malire amenewo amene anadula .jpeg kukhala .jpg, ndi .html kukhala .htm, ndipo popeza kaundula amawerenga .jpg ndi .jpeg monga ziwongo ziwiri, zimachitika kuti munthu asintha pulogalamu yoonera zithunzi, nakondwa kuti ntchito yatha, m'mawa mwake n'kudabwa chithunzi china, cha mtundu womwewo ndendende koma chokhala ndi chilembo chimodzi chowonjezera, chikutsegukabe ndi pulogalamu yakale ija.

Ku Apple anayenda njira ina, imene ine, ngakhale inatha, ndimaiona kuti inali ya ulemu koposa. Pa Macintosh ya 1984 dzina la fayilo linali la munthu yekha, kulemba chimene mtima wake wafuna, popanda kadontho kapena chiwongo. Koma mseri fayilo iliyonse inkanyamula zizindikiro ziwiri za zilembo zinayizinayi, china chonena mtundu wake, china chonena pulogalamu imene inaipanga. Chikalata cha mawu okhaokha chinali cha mtundu wa TEXT. Chopangidwa ndi Microsoft Word chinkanyamula chizindikiro cha MSWD, chithunzi chochokera mu Photoshop chinkanyamula 8BIM. Motero mafayilo awiri a mtundu umodzi, okhala m'foda imodzi, ankatha kutseguka ndi mapulogalamu awiri osiyana, iliyonse kubwerera kumene inachokera. Vuto linkadza paulendo. Fayilo ikatumizidwa pa intaneti kapena ikasamukira pa kompyuta ya mtundu wina, zizindikiro zija kawirikawiri zinkatsala m'njira, niifika ili yosadziwika, pamene chiwongo cholembedwa m'dzina chimayenda ndi dzinalo kulikonse. Ndipo njira yosalongosokayo inapambana yolongosoka chifukwa chongotha kuyenda. Pofika mu 2009, ndi Mac OS X 10.6, Apple inaleka kulabadira chizindikiro cha pulogalamu yopanga chija. Chimene chinatsalako n'chakuti pa Mac munthu angathebe kutsegula Get Info pa fayilo imodzi, n'kuisankhira pulogalamu yakeyake osakhudza zinzake, kapena kudina Change All kuti chisankhocho chifike pa mafayilo onse a mtunduwo.

Anthu a Linux, amene amakonda kuona zonse ndi maso awo, amatchula mitundu ya mafayilo ndi mayina a MIME, monga image/jpeg ndi application/pdf, amene Nathaniel Borenstein ndi Ned Freed anawakonza mu 1992 kuti imelo izitha kunyamula zithunzi ndi zina zosakhala mawu. Zosankha za mwini kompyuta zimasungidwa m'kafayilo ka mawu wamba kotchedwa mimeapps.list, m'foda yobisika ya .config, ndipo mizere yake aliyense wodziwa kuwerenga angaiwerenge: kumanzere mtundu wa fayilo, pakati chizindikiro cha kufanana, kumanja dzina la pulogalamu. Mzere uja ndinaunena, apa munthu amauona ndi maso, naufufuta, nalemba wina. Ndiponso dzina likakhala lopanda chiwongo kapena lokayikitsa, Linux imasuzumira m'kati, pakuti mafayilo ambiri amadziulula okha m'zilembo zawo zoyambirira.

Ichi mungachiyese nokha, ngakhale pa Windows. Tsegulani chikalata cha PDF ndi pulogalamu ya mawu wamba monga Notepad: mudzaona mulu wa zilembo zosamveka, koma kuchiyambi kwake kwalembedwa %PDF. Chitani chimodzimodzi ndi kalata ya .docx, ndipo mudzapeza zilembo ziwiri, PK, zoyambira za dzina la Phil Katz, amene anayambitsa mafayilo a ZIP mu 1989. Pakuti kalata ya .docx, chiyambire ndi Office 2007, ndi phukusi la ZIP lovala chiwongo china. Mukakopera kalatayo, n'kusintha chiwongo cha kopeyo kukhala .zip, idzatseguka ngati foda, ndipo m'kati mwake mudzapeza mawu anu ali paokha m'fayilo ya document.xml, zithunzi zimene munaikamo zili pazokha m'foda ya media, zoti mungazitenge chimodzichimodzi. Kusintha chiwongo sikusintha kanthu m'kati mwa fayilo, ndipo nyimbo siisanduka chikalata chifukwa mwailemba .pdf, chimene chimasintha ndi khomo lokha limene kompyuta iitumizeko.

Nanga ngati mzerewo ndi wosavuta chotere kuulemba, ndani amene adzaleka kuulemba m'dzina lake? Amene anagwiritsa ntchito makompyuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 2000 adzakumbukira nkhondo ya mapulogalamu oimbira nyimbo ndi kuonetsera mafilimu, Winamp, RealPlayer, QuickTime ndi Windows Media Player. Poikidwa, kawirikawiri ankabwera ndi timabokosi tochongedwa kale, todzipatsa .mp3, .wav, .avi ndi zina zotero. Munthu wofulumira kudina Next, Next, osawerenga, ankapezeka kuti wapereka nyimbo zake zonse kwa pulogalamu imene anangoiitanira nyimbo imodzi. Ndipo yolandidwayo ikadzutsidwa inkadandaula kuti siilinso yoyamba, n'kupempha kubwezeredwa pampando, ina mwa iyo ikuchita kusiya kamlonda kodikira m'kompyuta kuti zolandidwazo kazibweza. Akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Umu munali anayi.

Wina angafunse kuti makampani olemera chotere ankalimbirananji kanthu kosagulitsidwa pamsika. Yankho lake lili m'funso la aphunzitsi aja. Anthu ambiri sasintha chimene achipeza chitaikidwa kale, ndipo amene wakhala pampando woyamba amakhala ndi maso ndi makutu a anthu amenewo kwa zaka zambiri, osavutikanso kuwakopa. Akuluakulu a maiko ena anaziona zimenezi. Mu 2004 European Commission inalipitsa Microsoft chindapusa cha mayuro 497 miliyoni, mwa zina chifukwa chomangirira Media Player m'kati mwa Windows, niilamula kuti izigulitsanso ku Ulaya Windows yopanda pulogalamuyo. Kuyambira mu 2010 kampaniyo inayenera kumaonetsa anthu a ku Ulaya chikwangwani chosankhirapo pulogalamu yoyendera pa intaneti. Ndipo chikwangwanicho chitasowa pa makompyuta a anthu pafupifupi 15 miliyoni kwa nthawi yoposa chaka, chindapusa china cha mayuro 561 miliyoni chinatsatira mu 2013. Pa mlandu wa boma la United States ndi Google zinaululikanso kuti m'chaka cha 2022 chokha Google inapereka kwa Apple madola 20 biliyoni kuti ikhale yofufuzira yoyamba mu Safari, pulogalamu ya Apple yoyendera pa intaneti. Womalizawu si mlandu wa mafayilo, ndikuvomereza, koma muzu wake ndi womwewo. Ndipo munthu akamva ziwerengero zotere amaleka kuyesa kuti chimene chimatseguka akadina kawiri chinangogwa kuchokera kumwamba.

Kunena chilungamo, zinthu zinakonzekako. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, mzere wa m'kaundula unaikidwa chidindo, kuti pulogalamu isamadzilembe yokha mwakabisira, ndi kuti chisankho chizidutsa pa dzanja la mwini kompyuta. Koma wosunga chidindocho ali nawonso mapulogalamu ake ofuna mpando womwewo: pa Windows 10 ndi 11 zikalata za PDF zimayamba n'kutseguka mu Edge, pulogalamu ya Microsoft yoyendera pa intaneti, kufikira mwini atanena zina, ndipo Windows 11 itatuluka mu 2021, wofuna kusintha pulogalamu yoyendera pa intaneti ankayenera kusintha chimodzichimodzi, .htm pachokha, .html pachokha, ndi zina zotsatira, mpaka anthu atadandaula kwambiri ndipo batani limodzi losinthira zikuluzikulu linaikidwa mu 2022.

Pali chizolowezi chimodzi cha Windows chimene ine ndimachitsutsa kotheratu, ndicho chobisa ziwongo zimene ikuzidziwa kuti mayina azioneka aukhondo. M'mwezi wa Meyi chaka cha 2000, uthenga wa imelo wochokera ku Manila unafalikira pa dziko lonse m'masiku ochepa, mutu wake uli ILOVEYOU, utanyamula fayilo yotchedwa LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Pamene chiwongo chomalizacho chinabisika, maso ankaona .TXT, kalata ya mawu wamba yosalakwira munthu, ndiponso ya chikondi; koma kompyuta inkawerenga .vbs, ndipo m'kaundula, moyang'anizana ndi .vbs, munalembedwa kuti fayilo yotere si yowerenga koma yomvera, malamulo ake achitidwe nthawi yomweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachilomboko kanawononga zithunzi za anthu, n'kudzitumiza kokha kwa onse olembedwa m'buku la maadiresi la Outlook, ndipo makompyuta mamiliyoni anagwidwa. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti amodzi mwa mankhwala amene oyang'anira makompyuta a m'maofesi amagwiritsabe ntchito ndi nkhani yathu yomweyi: amasintha mzere wa .vbs ndi wa .js kuti mafayilo otere azitseguka mu Notepad, kotero kuti wodina mosadziwa amangoona malamulo oipawo atalembedwa pa sikirini, osachitika.

Koma pamene nkhaniyi imatiluma kwambiri kuno kwathu si pa tizilombo ayi. Ndi pa mafayilo a .csv. Awa ndi mindandanda ya mawu wamba, mzere uliwonse munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, zigawo zake zolekanitsidwa ndi mipatuliro, ndipo ndi momwe mabanki, mafomu a pa intaneti ndi mapulogalamu osungira mayina a anthu amatulutsira zimene asunga. Pa kompyuta imene ili ndi Office, chiwongo cha .csv chimakhala cholembedwa m'dzina la Excel. Ndipo Excel, pofuna kuthandiza, ikatsegula fayilo yotere imadziganizira yokha kuti ichi ndi chiwerengero, ichi ndi tsiku la mwezi, awa ndi mawu. Tsono nambala ya lamya ya ku Malawi imayamba ndi ziro, 0999 kapena 0888. Kwa pulogalamu yowerengera ndalama, ziro wa kutsogolo alibe ntchito, ndipo amachotsedwa. Nambalayo ikalembedwa ndi 265 patsogolo imakhala ya manambala 12, nioneka ngati 2.66E+11. Nambala ya akaunti yopitirira manambala 15, otsiriza ake amasanduka maziro. Mlembi wa mpingo kapena wa banki m'khonde akatsegula mndandanda wotere n'kungouyang'ana, palibe choipa chachitika, popeza fayilo ikali monga inalili. Koma akadina Save, zimene pulogalamu inaganiza zija zimalembedwa pamwamba pa zenizeni, ndipo mamembala makumi angapo, aliyense ndi lamya yake, amapezeka kuti onse ali ndi nambala imodzi yosaimbika.

Ngakhale dzina la dziko lathu silipulumuka. Amene amalemba Malaŵi ndi kachizindikiro pamwamba pa w, fayilo yake ikasungidwa m'kalembedwe ka UTF-8 popanda kachidindo kapadera kuchiyambi kwake, pulogalamuyo ingathe kuwerenga chilembo chimodzicho monga zilembo ziwiri za kalembedwe ka kumadzulo kwa Ulaya, dzinalo n'kutuluka lili MalaÅµi, ndipo mawu ena onse okhala ndi chilembocho amapunduka chimodzimodzi.

Tisadziyese operewera nzeru pa ichi, pakuti akatswiri a sayansi anagwa m'mbuna yomweyi. Mayina a majini (genes) ena a m'thupi, monga SEPT2 ndi MARCH1, akatsegulidwa mu Excel ankasanduka masiku a m'miyezi ya Seputembala ndi Malichi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti mwa zolemba za akatswiri zokhala ndi mindandanda ya majini ya mu Excel, pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse chinali ndi zolakwa zotere. Ndipo pofika mu 2020 komiti yotcha mayina majini a munthu inali itasintha mayina 27, MARCH1 nakhala MARCHF1. Anaona kuti n'chapafupi kusintha mayina a za m'thupi la munthu kusiyana ndi kusintha chizolowezi cha dzanja lodina kawiri. Mu 2023 Microsoft inaika pozimitsira kuganiza kumeneku, koma nachonso n'chosankha chimene munthu ayenera kuchifunafuna yekha.

Sindikunyoza Excel, pakuti ndi pulogalamu yamphamvu imene yathandiza asungichuma osawerengeka. Nkhani ili pa khomo limene fayilo yalowera. Fayilo yomweyo ikalowetsedwa kudzera pa Data, kenaka From Text/CSV, pulogalamuyo imayamba yaonetsa zimene yapeza, ndipo munthu angathe kunena kalembedwe kake ndi kulamula kuti chigawo cha manambala a lamya chiwerengedwe monga mawu, chisakhudzidwe. LibreOffice Calc imaonetsa bokosi la mafunso otere nthawi iliyonse ikatsegula .csv, zimene ena amatopa nazo, koma ine ndimakonda wantchito wofunsa kawiri kusiyana ndi wondiganizira. Pa kompyuta yanga chiwongo cha .csv ndinachipereka kwa Notepad, imene siidziwa kuwerengera kanthu, kuti dzanja likafulumira ndizingoona mizere monga inalembedwera, ndipo ndikafuna kuwerengera ndizilowera khomo loyenera mwadala. Mafilimu ndi nyimbo ndinazipereka kwa VLC, imene inayamba monga ntchito ya ophunzira a ku École Centrale Paris, nikhala yaulere kwa onse kuyambira mu 2001. Ndinaisankha chifukwa siikana mitundu yambiri ya mafayilo amene anthu timapatsana pa fulashi, osati chifukwa ndi yokongola.

Sindikunenanso kuti aliyense adzuke m'mawa n'kuyamba kugwedeza zonse. Zoikidwa kale ndi chifundo kwa woyamba kumene, amene akanati azifunsidwa pa fayilo iliyonse akanatseka makinawo tsiku loyamba. Kompyuta ya muofesi imene anthu asanu amasinthana siyenera kusinthidwa monga mmodzi afunira, anzake osawauza. Ndipo m'kaundula wa Registry momwemo munthu asalowemo ndi manja ake ngati sadziwa chimene akuchita, pakuti njira ya poyera ilipo ndipo n'njokwanira. Pa Windows ndi kudina fayilo ndi batani la kumanja, kusankha Open with, kenaka Choose another app, kuloza pulogalamu, n'kuvomereza kuti zikhale chomwecho masiku onse. Ndipo wofuna kuona mndandanda wonse wa ziwongo ndi eni ake adzaupeza mu Settings, pansi pa Apps, pa Default apps. Palibe fayilo imene imawonongeka potero, ndipo chimene mwasankha lero mungathe kuchibweza mawa. Ziwongo zimene munthu amazidina tsiku ndi tsiku sizichuluka kwenikweni: makalata, mindandanda, zithunzi, nyimbo, mafilimu ndi ma PDF; ntchito yake siitha ola.

Kwa inu owerenga ndipempha ziwiri zokha. Tsegulani File Explorer, mupite pa View, muchonge pa File name extensions, kuti ziwongo za mafayilo anu zizioneka poyera ndipo wobwereka chiwongo azigwidwa asanatsegulidwe. Ndipo inu amene mumasunga mindandanda ya anthu, ya mpingo, ya sukulu kapena ya gulu losunga ndalama, fayilo ya .csv ikakufikani, yambani mwaikopera padera musanaitsegule.